Kholingo la a Gelesomu

A Gelesomu Nthala anali atatha zaka zitatu ali m'manda pamene anaimba pa ukwati wa mwana wa a Chimphonda ku Kawale. Anaimba bwino kuposa mmene ankaimbira ali moyo, chifukwa tsopano sankatsokomola, sankapumira pakati pa nyimbo, ndipo sankapempha madzi. Mawu awo ankatuluka m'kabokosi kakuda, kakang'ono ngati mtanda wa sopo wochapira, kamene kanali patebulo pafupi ndi keke. Anatchula dzina la mkwati, anatchula la mkwatibwi, kenako anaseka kaseko kawo kaja ka m'mphuno. Holo yonse inaimirira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu.

Kabokosiko ankakatcha Kholingo, ndipo m'chaka cha 2083 panalibenso wodabwa nako. Munthu akadali moyo ankayankhula, kuimba, kuseka ndi kukalipa pamaso pa makinawo kwa milungu ingapo. Makinawo ankaphunzira zonse, pamene amakokera mpweya, mmene amamezera malovu, ndi mawu amene lilime lake limapunthwa nawo. Akamwalira, Kholingo linkatsala. Wina akalilembera mawu, linkawaimba ndi liwu la malemuyo, ngakhale mawu oti mwiniwake sakanawatchula ndi mpeni pakhosi. Amene anapanga makinawo sanaganizireko zimenezi, kapena anaganizira n'kungoti si zawo.

Amene ankalembera a Gelesomu mawu anali mlongo wawo, a Velentina. Tsiku limenelo anakhala kuseri kwa tebulo atamanga duku lalitali, zala zikuthamanga pakagalasi ka m'manja. Pakhomo la holoyo panaima Fanizo, mwana woyamba wa malemu, bambo wa zaka makumi anayi amene ankakonza mapanelo a dzuwa pamadenga a anthu. Sanaitanidwe. Anabwera kudzamva ndi makutu ake nyimbo imene anzake kuntchito ankasiya kuing'ung'udza iye akamafika, ndipo inali yachitatu kuimbidwa tsikulo.

*Mkwati iwe, tsegula maso,*
*ine ndinaweta njoka m'nyumba.*
*Ndikudwala, iye akuphoda,*
*ndikubuula, iye akufuna makiyi.*

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Dzina silinatchulidwe, koma ndani ku Kawale amene sankadziwa kuti a Gelesomu anali ndi mkazi mmodzi yekha, a Elube? Mayi ameneyo anadwazika mwamuna wake zaka ziwiri, kumutembenuza, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi supuni. Fanizo anadutsa pakati pa ovina n'kulunjika patebulo paja.

"Zimitsani chinthu chimenecho, azakhali."

"Iwe, wakuitana ndani pano?"

"Ndati zimitsani. Bambo anga sananenepo zimenezo."

"Bambo ako?" a Velentina anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Mlongo wanga ameneyo. Tinayamwa bere limodzi. Zimene ankandiuza ine kuseri iwe ungazidziwe? Choka apa, usandichititse manyazi pa ukwati wa eni ake."

Akuluakulu a komiti ya ukwati anamugwira m'mikono n'kumutulutsa. Ali panja anamva bambo ake akubwereza kolasi ija kachiwiri, chifukwa anthu anali atapempha.

Chidani chimenechi chinayambira pa maliro. Atangosudzula a Elube, a kwa Nthala anakhala pansi n'kugawana katundu monga mwa mwambo wa kwawo. Anati ana ndi a kwa mayi wawo, ndipo za mwamuna zimabwerera kumbumba yake. Anatenga nyumba, gitala, bedi, ngakhale mbale zodyera. Kholingo anatenga a Velentina, n'kuliika m'chikwama chawo mtembo usanazizire n'komwe. A Elube anabwerera kwawo ku Nathenje ndi chikwama cha zovala basi. Fanizo anameza zonsezo. Koma nyimboyi inali itafalikira pa intaneti, ikuimbidwa m'mabala ndi m'magolosale, ndipo inali itafika kale ku Nathenje.

A Elube anagontha kalekale. Ankamva ndi Kamvetsa, kachipangizo kakang'ono ngati nyemba kamene achipatala ankaika mkati mwa khutu. Kamvetsako sikankasankha. Kanawabweretsera nyimboyo bwinobwino, liwu lililonse, ali pamzere wa chigayo anthu akuwayang'ana m'mbali.

"Zisiye, mwanawe," anamuuza Fanizo pafoni. "Amene akundidziwa akundidziwa."

"Sindingazisiye, amayi. Akunyozani ndi pakamwa pa bambo. Chimenechi ndiye sindimeza."

"Ukali umenewu sunautengere kwa ine."

"Kaya ndinautengera kuti, koma ndikupita kukhoti."

Mlanduwo unalowa m'Bwalo la Umwini wa Mawu ndi Zithunzi, nyumba yagalasi imene inkazizira ngati mochale. Maloya a masiku amenewo anali makompyuta. Aliyense wobwera ndi mlandu ankapatsidwa yake, n'kuiika patebulo patsogolo pake. Makompyuta awiriwo anatsutsana kwa mphindi zinayi, n'kutulutsa masamba mazana asanu ndi limodzi oti palibe munthu anawawerenga. Oweruza okha ndiwo anali munthu, mayi Kanyumbu, amene nkhope yawo inkaonetsa kuti mabanja ngati amenewa atopa nawo.

"Ndifotokoze m'Chichewa chomveka," anatero. "Pali malamulo awiri. Loyamba likuti mawu a munthu ndi katundu ngati nyimbo kapena buku, ndipo akamwalira amapita kwa mkazi ndi ana. Lachiwiri linabwera patapita zaka zisanu ndi chimodzi, anthu atadandaula kuti makina akupondereza miyambo. Limenelo likuti pamene banja likutsata mwambo wa makolo, mwambowo ulemekezedwe. Opanga malamulo anaiwala kunena kuti lalikulu ndi liti."

"Lalikulu ndi mwambo," anatero a Velentina. "Mwambo unalipo intaneti isanabadwe."

"Mayi, muyankhula ndikakufunsani."

"Ndikungokuthandizani, bwana."

"Sindinapemphe thandizo. Chigamulo changa ndi ichi. Kholingo likhale ndi makiyi awiri, ina kwa inu, ina kwa mwana wa malemu. Nyimbo yatsopano isatuluke pokhapokha nonse mutavomereza."

A Velentina anadzuka chikwama chili m'khwapa. "Ine? Ndizikapempha chilolezo kwa mwana uyu? Amene ndinkamupukuta mamina? Bwana, mundimange kaye."

Fanizo sanawayang'ane n'komwe. "Nanga nyimbo imene inatuluka kale ija, olemekezeka?"

"Imeneyo ikhala. Inatuluka umwini usanagamulidwe, ndipo anthu oposa miliyoni anaikopera kale. Lamulo silindilola kulowa m'mafoni mwa anthu chifukwa cha nyimbo imodzi."

"Ndiye kuti mayi anga azinyozedwabe?"

"Ndikumvetsa kuti zikukupwetekani, bambo."

"Simukumvetsa. Ndikufuna Chitseko."

M'bwalomo aliyense ankachidziwa Chitseko, koma ochipempha anali ochepa.

Nkhani yake inali iyi. Mawu onse oyenda m'makina m'dziko muno ankadutsa pa Sefa, kompyuta yaikulu imene inaikidwa zaka za m'mbuyomo oimba atatopa ndi kuberedwa nyimbo. Mafoni, mawailesi, zokuzira mawu za m'tchalitchi, makina a m'minibasi ndi m'zipatala, zonse zinkamva kudzera mwa iyo. Ena ankati ndi mlonda wa aluso, ena ankati ndi khutu la boma, ndipo mkangano umenewo unali usanathe. Mwana wa malemu akapempha Chitseko, Sefa inkaphunzira mapangidwe a liwu la malemuyo n'kumalimeza paliponse pamene lamveka. Chikatsekedwa sichinkatsegulidwanso, chifukwa m'zaka zoyamba mabanja ankatseka Lolemba, kugwirizana Lachitatu, kukangananso Loweruka, mpaka akuluakulu anatopa nawo.

Kompyuta ya Fanizo inayankhula motsitsa mawu. "Bambo Nthala, sindikukulangizani kutero. Pali zinthu khumi ndi zinayi zoti muziganizire. Choyamba..."

Fanizo anaigwira n'kuivundikira patebulo.

"Ukufuna kupha mlongo wanga kachiwiri!" a Velentina anakuwa. "Nyimbo zake zonse? Za kutchalitchi zomwe? Mfiti iwe!"

"Munamupha ndinu tsiku limene munamuimbitsa zonyansa."

"Ndi ntchito ya moyo wake wonse imeneyo, galu iwe!"

"Bola akhale chete kusiyana n'kuti azitukwana mkazi wake. Kumanda anthu amapita kukapuma, inu mwamusandutsa chidole chanu."

Mayi Kanyumbu anamenya tebulo katatu. Anamufunsa Fanizo kawiri ngati akudziwa kuti sadzamvanso mawu a bambo ake. Kawiri konse anayankha kuti akudziwa. Zinkamupweteka, asaname. Panali nyimbo ina imene a Gelesomu ankamuimbira ali mwana akadwala malungo, ndipo ankaimverabe pafoni ntchito ikavuta. Koma chidani chinali chitakula kuposa chisoni, ndipo anadinda chala chake pagalasi. Oweruza analamula kuti Chitseko chigwe 12 koloko masana a tsiku lomwelo.

Potuluka anakumana ndi kalaliki wa bwalolo, bambo Thombozi, munthu wamfupi amene maso ake ankangothamangira pa wotchi.

"A mtundu wa malemu nonse, bwerani kuchipinda ichi. Aliyense awerenge mizere itatu pamakina kuti Sefa imudziwe. Tichite changu, nthawi yatha."

A kwa Nthala anandanda pamzere, a Velentina patsogolo, ana awo aamuna awiri pambuyo, kenako asuweni amene anangobwera kudzaonerera. Kalaliki anamukodola Fanizo.

"Inunso, bambo."

"Ameneyo ayi," anatero a Velentina mokweza kuti khonde lonse limve. "Mwati a mtundu wa malemu. Uyo dzina anangobwereka. Mtundu wake uli ku Nathenje kwa mayi wake. Pamzere uno paima a Nthala."

Fanizo anaseka kaseko kowawa. "Mwamva, a kalaliki? Pa maliro anandiuza kuti ndine mlendo, ndinadyera panja ngati wodutsa. Lero ndikaime kumbuyo kwawo? Pa chinthu chimodzi chokhachi ine ndi mayi awa tagwirizana. Sindine wa kwawo."

"Ndi mphindi ziwiri zokha, bambo. Kumangofunika kuti makina..."

"Ndati ayi. Kodi m'nyumba muno munthu saloledwa kukana?"

A Thombozi anali asanadye chilichonse kuyambira m'mawa, ndipo sankalipidwa kuti azinyengerera anthu aukali. Analemba kuti wakana, Fanizo n'kudindanso chala, n'kutuluka.

Anakaima pamsewu pafupi ndi shopu ina yogulitsa mabatire, imene chokuzira mawu chake chinkaimba nyimbo yomwe ija. Wotchi itakwana 12, gitala anapitiriza kulira, ng'oma zinapitiriza, koma woimba anasowa. Panatsala dzenje pakati pa nyimbo. Mwini shopu anamenya chokuziracho ndi chikhatho, n'kuyesa nyimbo ina ya a Gelesomu, nayonso chimodzimodzi. Fanizo anasangalala, chisangalalo chenicheni chofika m'mafupa. Anatulutsa foni n'kuimbira mayi ake.

"Amayi, zatheka! Sadzakunyozaninso."

"Halo?"

"Ndati zatheka, amayi. Tapambana."

"Halo? Fanizo? Ukundiimbira n'kungokhala chete bwanji? Halo?"

Anadula. Fanizo anaganiza kuti ndi netiweki, n'kupita pasiteji. Minibasi za nthawi imeneyo zinalibe dalaivala kapena kondakitala. Munthu ankangoima pakhomo n'kunena kumene akupita, chitseko n'kutseguka.

"Mukupita kuti?" inafunsa minibasiyo.

"Ku Nathenje."

"Pepani, sindinamve. Mukupita kuti?"

"Nathenje!"

"Pepani, sindinamve. Ngati simukukwera, patukani ena adutse."

Mayi wina wonyamula dengu la tomato anamukankha ndi chigongono. "Achimwene, mukutichedwetsa. Ife takumvani bwinobwino, koma iyo ayi. Mwina ili nanu chifukwa." Anatchula siteji yake motsitsa, chitseko n'kutseguka pompo. Apa m'pamene Fanizo anazindikira kuti vuto silinali netiweki.

Anathamangira kubwalo kuja. A Thombozi anawapeza akudya mbatata yootcha pa desiki. Atamva nkhaniyo anapukuta zala, n'kuyang'ana pakompyuta kwa kanthawi.

"Eee. Bambo, mawu anu akufanana ndi a malemu magawo 94 pa 100. Sefa ikakumvani ikuona ngati ndi iwo, ndiye ikukumezani. Mzere uja unali wa zimenezi, kuti makina asiyanitse amoyo ndi akufa. Makina sadziwa za mbumba, amangomva magazi."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba kukuuzani, inu munati ayi. Chala chanu ichi."

"Chabwino, ndiwerenge tsopano mizere yanuyo."

"Awerenge ndani? Makinawo sakukumvani."

"Ndiye ndichite apilo."

"Apilo ilipo," anatero a Thombozi, n'kuloza kachipinda ka pakona. "Mumalowa umo n'kunena dandaulo lanu pakamwa. Makalata anawaletsa chaka chija makompyuta analemba madandaulo abodza mamiliyoni atatu sabata imodzi."

"Pakamwa? Kwa makina omwewo?"

"Omwewo."

"Wina angandinenere?"

"Ayi, mwini wake yekha. Akuti akulikonza lamulo limenelo."

"Liti?"

"Anayamba kulikonza ine ndisanalembedwe ntchito."

Fanizo anamenya desiki mpaka mbatata inagubuduka pansi. Anatukwana kalaliki, anatukwana Sefa, anatukwana ndi amene anaibala. Alonda a maloboti amene ankagwira aliyense wokweza mawu m'nyumbamo anangoima phee, chifukwa kwa iwo munalibe phokoso lililonse.

Pamasitepe anapeza a Velentina atakhala, Kholingo lili pamiyendo. Ankalidina n'kuliika kukhutu, koma linali ngati mwala. Maso awo anali ofiira. Anali atamva zonse, chifukwa makutu awo anali a chibadwa.

"Ndiye makina akuti ndiwe mwana wake?" anatero. "Sanatifunse ife eni ake. Pita, ukayankhule ndi mitengo."

Fanizo anawadutsa. Anapempha bambo wina pasiteji kuti amutchulire Nathenje, ngati mwana wotumidwa ndi kalata, n'kukwera minibasi.

Anafika dzuwa litapendeka. A Elube anali pakhonde akusenda mtedza m'lichero, ndipo atamuona anaombera m'manja.

"Wafika, bambo! Foni yako ija yatani? Khala apa. Zayenda bwanji kumeneko?"

Fanizo anagwada pafupi nawo n'kuyamba kufotokoza. A Elube anamuyang'ana pakamwa, n'kukwinya nkhope. Anagogoda kukhutu ndi chala. Tambala analira kuseri kwa nyumba, iwo n'kucheuka. Mayi Dofiya, oyandikana nawo nyumba, anapereka moni ali kumpanda, iwo n'kuyankha bwinobwino.

"Kodi ukundiseka? Ukungotafuna milomo bwanji? Tayankhula, iwe."

Anayankhula. Anakuwa. Anaika pakamwa pake pakhutu pawo penipeni n'kufuula kuti "Amayi!" mpaka nkhuku zinabalalika. Kamvetsa nakonso kankadutsira pa Sefa, monga makina ena onse, ndipo popanda iko a Elube sankamva ngakhale bingu. Anatulutsa foni kuti alembe, n'kukumbukira kuti mayi ake sukulu anasiyira sitandade 2.

Anachita kuitana mayi Dofiya. Fanizo ankanena, iwo n'kumabwereza, mawu amodziamodzi ngati omasulira ulaliki. Zamanyazi zonse za banja zinadutsa pakamwa pa munthu wapadera, za khoti, za Chitseko, za mzere umene anakana kuimapo. A Elube anamvetsera mpaka kumapeto osasendanso mtedza.

"Mufunseni," anatero, "kuti zimenezi ndi za masiku angati."

Fanizo anapukusa mutu. Pamenepo sipanafunike womasulira.

A Elube anaika lichero pansi. Sanakuwe, sanamutukwane, ndipo zikanakhala bwino akanatero.

"Nyimbo ija inkandipweteka, eya. Ndinkalira nayo. Koma ndinkadziwa kuti si iwo, n'zala za Velentina zimenezo. Bambo ako enieni ndinkawamva Lamlungu lililonse, iwe ukaimba foni n'kuti, 'Mwadzuka bwanji, amayi?' Ndinkakufunsa dala za mvula, za ntchito, zopanda pake, kuti uzingoyankhulabe. Sindinakuuze chifukwa ndinkachita manyazi."

Mayi Dofiya anatembenuka n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Fanizo analira ngati mwana, bambo wamkulu wa ndevu zake, ndipo kulirako nakonso mayi ake sanakumve. Anangoona mapewa akugwedezeka. Anatambasula dzanja lawo lokhakhala ndi makoko a mtedza n'kuliika pachifuwa pake.

"Tanena kanthu," anatero. "Chilichonse."

"Mwaswera bwanji, amayi?"

A Elube anatsinzina, dzanja lili pomwepo, kumvetsera kunjenjemera kwa chifuwacho. Kenako anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wapatsidwa moni patali.

Fanizo anapambana mlandu wake wonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'dziko muno munalibenso munthu woti anyoze a Elube ndi mawu a mwamuna wawo, kapena woti awatonthoze nawo.